Mzere umene a Kamtengo anapempha kuti tifufute

Loweruka lapitali tinali ku mwambo wa chiliza cha a Yesaya Kamtengo, chaka chitatha chimwalirire. Ndinakhala kumbuyo, pamphasa ya amayi, ndipo zolankhula zonse ndinazimva. A Tcheya a kopaletivi yathu ya alimi a fodya kuno ku Wimbe, bambo Chakhaza, anaimirira atavala jekete lawo la misonkhano n'kunena kuti tinataya mzati. Mawuwo anawabwereza kuti ofika mochedwa amve nawo. Ine ndinangoyang'ana zala zanga zakumapazi. Ndine mlembi wa kopaletiviyo, buku la maminitsi limagona m'nyumba mwanga, ndipo m'bukumo muli mzere wolembedwa ndi dzanja langa wonena kuti a Kamtengo achotsedwa ntchito chifukwa chowononga dala makina a alimi. Mzati umenewo tinauzula tokha, mwiniwake akuona.

A Kamtengo anatipempha chinthu chimodzi chokha, kuti mzere umenewo ufufutidwe. Ntchito sanaifunenso, kupepesedwa pagulu sanakutchule n'komwe. Ankangofuna cholembera chidutse pamzerepo. Ndikulemba izi mtima ukuwawa, ndipo sindibisa kuti mwa anthu amene ndawakwiyira, ine ndemwe ndili momwemo.

Anali munthu wamtali, wouma ngati phesi, wa magalasi omangidwa ndi kawaya mbali imodzi. Koma chimene aliyense amakumbukira ndi njinga yawo. Madigadi akumbuyo anamasuka kalekale, ndipo ankalira gwedegwede kuyambira pa mjigo mpaka pakhomo la ofesi, moti njingayo tinkaimva isanaoneke. Munthu wokonza mawayilesi ndi makompyuta n'kulephera kumanga bawuti imodzi! Ukawafunsa ankati mbuzi ndi ana a m'njira amafunika kuchenjezedwa, ndipo belu ndi la anthu odzimva. Tinkaseka, osadziwa kuti madigadi omwewo adzawachotsetsa ntchito.

Ntchito yawo yoyamba inali yokonza mawayilesi pakhonde la sitolo ina ku Boma. Mawayilesi okonzeka atayamba kusowa, anakalowa ntchito yoyang'anira magetsi pasukulu ina ya mishoni, ndipo kumeneko anakumana ndi makompyuta akale amene anthu ena anapereka. Apo n'kuti imvi zitayamba kale. Anzawo amsinkhu wawo ankaopa ngakhale kudina batani, koma iwo ankatsalira Loweruka masana n'kumawerenga mabuku amene mphunzitsi wina anasiya m'kabati. Anakonda Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense amaloledwa kuitenga ndi kuisintha. Ankati imafanana ndi wayilesi zakale zija, zimene ukamasula chivundikiro zonse zimaonekera poyera, popanda chomatidwa ndi guluu kuti usadziwe. Atapuma pantchito anabwerera kumudzi n'kuyamba kulima fodya, ndipo ndinene zoona, ulimi sunali mbali yawo. Chigafa chawo chinkapendekeka chaka ndi chaka. Akazi awo, aNyaGondwe, ankati bambowo amadziwa chimene chikuvuta kompyuta ya ku ofesi, koma chimene chikuvuta nazale yawo amachimva kwa anthu odutsa.

Seva inabwera ndi pulojekiti ina imene inakhala nafe nyengo ziwiri n'kupita. Kuiona ndi kompyuta wamba, yakuda, yaphokoso, koma ntchito yake ndi kusunga tsamba limene anthu amatsegula pafoni ali kutali. Patsamba lathu pankalembedwa tsiku limene lole ifike ku kalabu iliyonse kudzatenga mabelo opita ku okushoni. Kale uthenga umenewu unkayenda ndi munthu wapanjinga, ndipo nthawi zina unkafika lole itadutsa. Tsamba litabwera, mlembi wa kalabu ankangoyang'ana pafoni, alimi n'kutulutsa mabelo awo kumsewu pa tsiku lake. A pulojekiti atanyamuka, m'dera lonse munthu amene ankamvana ndi makinawo anali a Kamtengo okha. Komiti inawapatsa makiyi, mpando ndi kathebulo pakona, pansi pa zenera.

Pakona imeneyo sankafuna masewera. Anamata pepala pakhoma loletsa aliyense kukhudza makina. Amayi a m'komiti titaluka kansalu kokongola koti kaziphimba seva ku fumbi, anakanyamula ndi zala ziwiri n'kukapachika pamsomali, ati makina amapuma ngati munthu, ukawafunditsa mwezi wa Okutobala amakomoka. Tsiku lina a Tcheya anaika kapu ya tiyi pamwamba pa seva. A Kamtengo anaitenga n'kukaikhazika panja, padothi, alimi akuona. A Tcheya anaseka nawo limodzi, koma kapu imeneyo sanaiiwale. A Kamtengo akakwiya Chichewa chinkawathawa n'kuyamba Chitumbuka cha kuchikazi kwawo, ndipo ukamva "yayi, yayi, yayi" kuchokera pakonapo unkadziwa kuti wina wagunda chingwe.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankatopetsa woonerera. Asanasinthe kanthu mu fayilo ya malamulo a seva, ankayamba aikopera pambali, kenaka n'kulemba m'kope la ana asukulu tsiku, ola ndi chimene akufuna kusintha. Ankasintha chinthu chimodzi pa nthawi. Ankati ukasintha zitatu pamodzi makina n'kuchira, sudziwa chimene chachiritsa, ndipo matenda akabweranso uyambira pomwe unayambira paja. Ankatinso kompyuta sinama ndipo sisunga chakukhosi, imangochita zimene unaiuza ngakhale zikhale zopusa. Zonsezi ankauza ine, chifukwa thebulo langa linali loyandikana ndi lawo ndipo ndinalibe kothawira.

Vuto linayamba m'nyengo yogulitsa fodya, magetsi atayamba kuzimazima masana. Magetsi akazima seva inkazima, akayaka inkadzuka yokha, ndipo nthawi zambiri zonse zinkayenda bwino. Koma masiku ena ikadzuka tsamba silinkatuluka. Pafoni pankangooneka mawu achingerezi onena kuti waletsedwa kulowa. Alembi a makalabu ankandiimbira, ine n'kuimbira a Kamtengo, iwo n'kupalasa kuchokera kumudzi kwawo ulendo wa ola lathunthu. Ankafika thukuta lili kamukamu, n'kuwerenga fayilo ya malamulo mzere ndi mzere, osapeza cholakwika. Akazimitsa makina n'kuyatsanso, tsamba linkabwerera ngati silinachokepo.

Wina akanangoti ndakonza n'kulandira ulemu wake. Iwo ayi.

"Chachira chokha ichi, Nabanda," ankandiuza akupukuta magalasi. "Ine sindinachichiritse. Chibweranso."

Chinkabweradi. Anayamba ndi zilolezo za mafayilo, poti mawu a pafoni ankanena za kuletsedwa. Anaziona chimodzichimodzi, zonse zinali m'malo mwake. Tsamba lathu linkasungidwa pa disiki yapadera, kabokosi kolumikizidwa kumbuyo kwa seva, ndiye anaganiza kuti chingwe chake chatopa, n'kubweretsa china. Anaganiza kuti mwina seva ikumadzuka msanga disiki isanakonzeke, n'kuilamula kuti izidikira kaye. Anawerenga logi, momwe seva imadzilembera yokha zochitika, mpaka maso kufiira, koma logiyo inkangonena kuti pamalo pa tsamba palibe tsamba. Kope linadzaza, anayamba lachiwiri. Sabata ziwiri zinkatha bwinobwino, iwo n'kuyamba kung'ung'uza nyimbo ya kwaya pakona pawo, kenaka foni yanga inkaliranso.

Tsopano ndinene mbali yanga. M'midzi mwathu mulibe magetsi, ndipo mlimi akabwera ku ofesi amabwera ndi foni yozima m'thumba. Soketi yapakhoma yogwira inali imodzi, ya seva. Ina inali m'chipinda cha a Tcheya, chokiya. Koma kumbuyo kwa seva kunali timabowo tolowa zingwe za foni, ndipo wina anatulukira kuti ukabaya pamenepo foni imatchaja. Anayamba mmodzi, kenaka unasanduka mwambo. A Kamtengo akakhala kulibe, mafoni ankalendewera kumbuyo kwa seva ngati ana a nkhumba pa mawere. Magetsi akazima eni ake sankawachotsa, ankawasiya pomwepo kuti akangoyaka apitirire pomwe analekera. Ine ndinkalola. Mayi wayenda kuchokera kutsidya kwa dambo mwana ali kumbuyo, iwe n'kumuloza pepala lapakhoma? Ngakhale a Tcheya, ulesi wotsegula chipinda chawo ukawagwira, ankabaya pomwepo kafoni kawo ka mabatani.

Ndipo madigadi akamveka pa mjigo, wofuula ndinali ine. "Akubwera! Zulani, zulani!" Mafoni ankalowa m'matumba ndi m'zitenje, a Kamtengo n'kupeza pakona pawo pali mmene anapasiyira. Tinkangoopa kukalipiridwa basi. Panalibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene anaganizapo kuti kutchaja foni kungakhudze tsamba.

Anthu akunja ankaona chinthu chimodzi: mkulu uja akafika makina amachira, akachoka amadwala. Mphekesera zinayambira pa mjigo n'kukafika mpaka kutchalitchi. Ena ankati amatchera dala kamsampha m'makinamo kuti tizimufuna. Ena, motsitsa mawu, ankati nzeru zodziwira kuukalamba zimenezi si za m'mabuku mokha. Munthu woti wakhala mkulu wa mpingo zaka zambirimbiri anayamba kupatsidwa moni wapatali.

Kenaka linafika Lachisanu lija. Tsiku la lole ya kalabu ya kutsidya kwa dambo linasinthidwa, kuchoka Loweruka kupita Lachitatu. Ndinalemba patsamba m'mawa n'kuweruka masana, magetsi atazima. Atayaka, tsamba linakana, ine osadziwa. A Kamtengo anali kumaliro chakumpoto, kwawo kwa akazi awo. Mlembi wa kalabuyo ataona kuti tsamba likukana anangoti tsiku ndi lomwe lija. Loweruka ngolo zinatula mabelo kumsewu n'kubwerera. Lamulungu kunagwa mvula imene panalibe ankaiyembekezera. Mabelo ananyowa, fodya anachita chuku, ndipo ku okushoni anabwezedwa. Naphiri, mayi wamasiye wa kalabu imeneyo, anabwera ku ofesi n'kuika masamba achuku odzaza dzanja pathebulo langa. Sanalire, sanatukwane. Anakhala pansi pakhomo mpaka dzuwa kupendeka.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa tsiku logawa feteleza.

"Bambo Kamtengo," anatero a Tcheya, "tiuzeni pamaso pa anthuwa. Makinawa akuvuta chiyani?"

A Kamtengo anaimirira, anavula chipewa. "Sindikudziwa, a Tcheya."

"Miyezi itatu yonseyi simukudziwa?"

"Ndikudziwa zinthu zambiri zimene si vuto. Zalembedwa m'makopemu, aliyense angawerenge. Chimene chili vuto sindinachipeze."

"Nanga bwanji mukafika inuyo chimachira?"

"Chimenecho n'chimene chikundizunguza mutu nanenso. Nkhumanya yayi."

Anthu anang'ung'udza. Kwathu kuno munthu wamkulu sanena kuti sindikudziwa. Amatchula dzina la matenda, ngakhale lopeka, anthu n'kukhutira. A Kamtengo anatipatsa chilungamo chosathira mchere, ife n'kuchilavula. Pamenepo anaimirira a Feston, mkamwini wa a Tcheya, amene anaitanidwa kuchokera ku Lilongwe poti amagwira ntchito ya makompyuta. Analankhula nthawi yaitali, theka m'Chingerezi, chikwama cha laputopu chili paphewa. Mfundo yawo inali yakuti vuto lomvera munthu mmodzi limakhala lopangidwa ndi munthu yemweyo. Manja anakwera. A Tcheya anatembenukira kwa ine.

"Lembani, amayi mlembi. Achotsedwa chifukwa chowononga dala makina a alimi."

Ndinalemba. A Kamtengo anabwera n'kuika makiyi pabuku langa, osati m'manja mwa a Tcheya. Anawerama n'kuwerenga mzerewo inki isanaume.

"Umalemba bwino, Nabanda," anatero. "Zimenezi zidzawerengeka ngakhale ine nditapita."

A Feston anakhala masiku awiri. Anafufuta zonse, anaikamo Linux yatsopano, anakopera malamulo omwe aja a pulojekiti, n'kusintha mtundu wa tsamba kukhala wobiriwira. Tinawaphera nkhuku. Patatha sabata ndi tsiku limodzi tsamba lobiriwira lija linakana chimodzimodzi. Ukawaimbira ankangoti zimitsani muyatsenso, ndipo nthawi zina zinkatheka, nthawi zina ayi. Koma sindinamve munthu ndi mmodzi yemwe akunena kuti a Feston atchera msampha. Mkamwini wa a Tcheya sawononga makina, amangofunika kumupatsa nthawi.

Ndinawaona komaliza a Kamtengo patapita zaka ziwiri, m'chipatala ku Boma. Anali atatha, manja ali ngati timitengo, aNyaGondwe akuwakupiza ndi chivundikiro cha bakuli. Magalasi a kawaya aja anali pakabati. Nditagwada pambali pa bedi anandizindikira ndi mawu.

"Nabanda. Tsamba likuyenda?"

"Likuyenda, bambo."

"Silinagwenso?"

"Chiyambire tsiku lija munabwera wapansi silinagwepo."

Anamwetulira pang'ono. Kenaka anafunsa chimene ndinkaopa. "Nanga mzere uja?"

"Komiti ikumana mwezi wamawa, bambo."

Yankho limenelo ndinali nditawapatsa kambirimbiri, pakhomo la tchalitchi, kumsika, kumaliro a anthu ena. Ankalidziwa ngati nyimbo.

"Adzukulu anga amadziwa kuwerenga," anatero. "Tsiku lina wina adzatsegula bukulo n'kupeza kuti agogo ake ananyowetsa fodya wa mayi wamasiye mwadala. Iwe unaona ndi maso ako, mwana wanga."

Ndinaonadi, ndipo chimene ndinaona ndi ichi. Patatha milungu itatu chiwachotsereni, tcheni cha njinga yawo chinaduka, ndiye anabwera wapansi kudzatenga makope awo ndi kapu yawo. Anali masana, magetsi atangoyaka kumene, tsamba litakana, ine ndikulimbana ndi kuimbira a Feston. Madigadi sanamveke. Ndinangoona mthunzi wautali pakhomo, ndipo kumbuyo kwa seva kunali kulendewera mafoni anayi.

Ndinadikira "yayi, yayi" uja. Sanabwere. Anaima n'kumayang'ana mafoniwo nthawi yaitali, alimi amene anali mu ofesi atazizidwa.

"Zimenezi zinayamba liti?" anandifunsa.

"Kalekale, bambo."

"Magetsi akazima mumawasiya pomwepo?"

"Eya."

"Nanga ine ndikamabwera?"

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena mawu amodzi okha: "Madigadi."

Wina anatambasula dzanja kuti azule foni yake, iwo n'kumuletsa. "Wina asakhudze kanthu. Nabanda, makiyi si anga tsopano. Ukundilola ndikhale pampandopo?"

Ndinawakokera mpando. Anatsegula malo amene tsamba limakhala, ndipo m'malo mwa masiku a lole munali nyimbo za kwaya ndi zithunzi za ukwati. Anatsegula chithunzi chimodzi: a Feston ali mu suti, mwana wa a Tcheya ali mu velo. Seva inali kuwerenga khadi ya m'kafoni ka mabatani ka a Tcheya, kamene mwiniwake anakasiya pamenepo n'kupita kukadya.

Anatifotokozera mofatsa, ngati akuphunzitsa kalasi ya ubatizo. Seva ikadzuka imaitana zosungira zonse zimene zalumikizidwa, n'kuzipatsa mayina motsata amene wayankha msanga: woyamba, wachiwiri, wachitatu. Malamulo amene analemba a pulojekiti ankati tsamba lili pa wachiwiri, ndipo masiku onse wachiwiriyo inkakhala disiki yathu. Koma kafoni ka mabatani kokhala ndi khadi ya nyimbo kakapezeka pamenepo seva ikudzuka, nthawi zina kankayankha msanga n'kulanda malowo. Seva, yomvera ngati kale, inkafunafuna tsamba m'fonimo, osalipeza, n'kuuza anthu kuti aletsedwa. Iwo akamafika, ife tinali titabisa kale umboni m'zitenje.

"Mzere umenewu ndauwerenga kosawerengeka," anatero akuloza mu fayilo ya malamulo a seva. "Sunali wolakwa. Unangolembedwa ndi anthu a kumene aliyense amatchaja foni kunyumba kwake."

Anakopera fayilo pambali, analemba tsiku ndi ola m'kope, n'kusintha mzere umodzi wokhawo, kuti disiki iziitanidwa ndi nambala yakeyake yaitali, osati ndi malo ake pamzere. Kenaka anazula seva kukhoma mafoni ali pomwepo n'kubwezeretsa. Tsamba linatuluka. Anauza alimi kuti aonjezere mafoni mpaka timabowo tonse tidzaze, n'kuzulanso. Linatuluka. Anachita kachitatu. Atakhutira, analemba mawu a Chichewa mu fayilomo pamwamba pa mzere watsopano uja, oti wobwera pambuyo adzawerenge: alimi amatchaja mafoni pano, asiyeni azitchaja. Anaimirira, anamatula pepala loletsa lija pakhoma, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.

"Ukawauze a komiti zimene waona," anatero ali pakhomo, kapu ili m'manja. "Ntchito sindikuifuna, miyendo yatopa. Angofufuta mzere uja."

M'mawa mwake ndinawauza a Tcheya, awiriwiri m'chipinda chawo. Anandimvetsera mpaka kumapeto akutokosa zikhadabo ndi kamtengo ka machesi.

"Amayi mlembi," anatero, "mafoniwo akamabayidwa, woyang'anira ofesi anali ndani? Wofuula kuti zulani anali ndani? Ndiye fodya wa Naphiri ananyowa chifukwa cha ndani? Mukufuna tikanene zimenezo pansi pa mango paja?"

Za kafoni kawo sanatchule.

"A Feston ananena kuti makina atenga nthawi kuti akhazikike," anapitiriza. "Basi akhazikika. Tithokoze Mulungu."

Ndinatuluka ndili chete, ndipo chete ameneyo ndinamusunga zaka ziwiri. Ndinaopa kuchotsedwa ulembi, koma koposa pamenepo ndinaopa maso a Naphiri. Pa msonkhano waukulu wa chaka chimenecho a Feston anawomberedwa m'manja kwa nthawi yaitali, inenso ndinawomba nawo. A Kamtengo akanatha kudzinenera okha, alimi amene anaona tsiku lija analipo. Koma kunena kwawo kukanatchula ine, ndipo sanafune. Anangodikira kuti ndilimbe mtima ndekha. Kundikhulupirira kumeneko ndi kumene kumandiwawa kuposa zonse.

Mtima ndinalimba mochedwa, patatha mwezi chiwaikireni m'manda. Pa msonkhano wa komiti, titafika pa zina ndi zina, ndinaimirira n'kunena zonse, za mafoni, za madigadi, za kufuula kwanga, za zithunzi za ukwati. Bambo wina anati wapita wapita, tisafukule zakale. A Tcheya anati maminitsi ovomerezedwa ndi kusainidwa sasinthidwa, malamulo a kopaletivi salola. Ndinapempha kuti tivote. Manja anakwera awiri, langa ndi la Naphiri, amene tsopano ali m'komiti.

"Yanganso foni ndinkabaya pomwepo," anatero Naphiri, osayang'ana aliyense. "Mkulu uja tinamudyera masuku pamutu tonse."

Awiri sapambana khumi. Zimenezonso ndinazilemba m'buku, ndi malembedwe anga abwino aja.

Loweruka ku chiliza kuja, anthu atayamba kubalalika, aNyaGondwe anandikokera pambali n'kumasula kamtolo m'chitenje. Munali makope awiri aja.

"Anati awa apite ku ofesi," anatero. "Ati wina adzawafuna. Ine sindidziwa zolembedwamo."

Ndinatsegula tsamba lomaliza ndili panjira. Pali tsiku lija anabwera wapansi, ola lake, ndi mawu akuti vuto lapezeka, lakonzedwa, layesedwa katatu. M'munsi mwake analemba kuti mzere wa m'maminitsi sunakonzedwe, n'kusiya mpata woti adzalembepo tsiku. Mpatawo uli mbee.

Makopewo ndawaika m'dilowa ya kathebulo kawo, ndipo palibe wawafunsa. Pampando pawo panaunjikidwa ziguduli zosokera mabelo. Pakhoma patsala timadontho tinayi ta guluu pamene panali pepala lija. Kansalu koluka wina anakachotsa pamsomali n'kukafunditsanso seva, ndipo m'mawa uliwonse ndimakachotsa ndi zala ziwiri, m'mawa wotsatira n'kukapezanso pomwepo. Mafoni amalendewera kumbuyoko tsiku lonse, poyera, a Tcheya ndi alimi chimodzimodzi. Magetsi amazima, amayaka, tsamba limatuluka. Nthawi zina njinga ya munthu ikagwedera pa mjigo ndimadzidzimuka n'kutembenukira kumafoniko, pakamwa patayamba kale kutseguka, koma palibe amazulanso. Mzere wawo ukugwirabe ntchito m'makinamo. Wanganso ukugwirabe ntchito yake m'buku.